Ng'ombe Yowonda Sifuna Nkhunzi: Phunziro Lochokera kwa Mbewa

Mwezi wa Novembala chaka chathachi ndidakacheza kwa bambo ena achikulire m'mudzi wina kufupi ndi Embangweni. Tidaima m'mbali mwa chibaya, monga momwe anthu a kumeneko amatchulira khola la ng'ombe, ndipo iwo adandilozera ng'ombe yaikazi yofiirira imene idaima payokha. Nthiti zake zimachita kuwerengeka.

"Iyi ndikuipereka kwa a butchala a ku Jenda," adatero. "Miyezi 14 yatha chiberekere, koma sinafuneko nkhunzi ngakhale tsiku limodzi. Yauma imeneyi. Mwinanso pali dzanja la munthu."

Ndidafunsa kuti, "Adada, kodi thole lake lidaleka kuyamwa?" Adati likuyamwabe, ndipo m'mawa uliwonse amama amakamako mkaka wothira mu tiyi. Nditafunsa chimene ng'ombeyo imadya, adandilozera kudambo kumene moto udali utadutsa kale mwezi wa Seputembala.

Madandaulo otere ndimawamva kawirikawiri ku Champhira, ku Manyamula, ku Emfeni ngakhalenso m'midzi yozungulira boma la Mzimba. Ng'ombe zabwino zimathera pampeni chifukwa chongoganiziridwa kuti n'zouma. Tonse tikudziwa kuti kuno ng'ombe ndiyo banki, ndiyo pulawo, ndiyo ngolo, ndiponso ndiyo malowolo. Mlimi akagulitsa ng'ombe yaikazi wagulitsa pamodzi ndi mathole onse amene ikadabereka. Tsono lero, alimi anzanga, tiyeni tione chimene chimachitika m'thupi la ng'ombe yotereyi. Mbali yaikulu ya yankho akatswiri adaipeza pofufuza mbewa.

Kodi jini n'chiyani?

Poyamba timvane pa mau. Majini amene tikunena pano si aja a mizimu ayi. Thupi la chamoyo chilichonse ndi lomangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'maselomo muli malangizo amene chamoyocho chidalandira kwa make ndi kwa tate wake. Langizo limodzi ndilo jini. Jini ina imalamula mtundu wa ubweya, ina kakulidwe ka nyanga, ina kapangidwe ka mahomoni. Mahomoni ndi timadzi timene timapangidwa m'chiwalo china, n'kuyenda m'magazi kukalamula chiwalo chinanso kuti chiyambe kapena chileke ntchito.

Mbewa ili ndi majini pafupifupi 20,000, ndipo ambiri mwa iwo amapezekanso m'ng'ombe, m'mbuzi ndi mwa munthu, akugwira ntchito yofanana. Mbewa zoweta zimene akatswiri amafufuzira zimatha msinkhu pa masabata 6 mpaka 8, ndipo bere lake limangotenga masabata atatu. Chimene munthu angadikire zaka 10 kuti achione pa ng'ombe, pa mbewa amachiona chaka chisanathe. N'chifukwa chake kafukufuku wambiri amayambira pamenepo.

Mbewa zimene sizidathe msinkhu

M'chaka cha 1977, Bruce Cattanach ndi anzake a ku Harwell m'dziko la England adalengeza za mbewa zodabwitsa zimene zidabadwa pakati pa mbewa zawo zoweta. Mbewazi zimadya bwino, zimakula bwino, koma ziwalo zake zoberekera zimakhala zazing'ono ngati za ana mpaka ukalamba. Zazikazi sizimafuna zamphongo, ndipo zamphongo sizimapanga mbewu. Vutoli limaoneka pa mwana mmodzi mwa anayi alionse, ngati make ndi tate wake onse adali ndi jini yolakwikayo mobisika. Adazitcha mbewa za hpg.

Atafufuza adapeza kuti ziwalo zoberekerazo zidalibe chilema. Vuto lidali mu ubongo. Mbewazi sizimapanga homoni yotchedwa GnRH, imene imapangidwa ndi kagulu ka maselo osakwana 1,000 chakunsi kwa ubongo wa mbewa. Homoni imeneyi idali yodziwika kale. Andrew Schally adaitulukira m'chaka cha 1971 pofinya ubongo wa nkhumba zikwizikwi, ndipo iye pamodzi ndi Roger Guillemin, amene amagwiritsa ntchito ubongo wa nkhosa, adalandira mphotho ya Nobel mu 1977.

Umboni wina udabwera mu 1982, pamene Dorothy Krieger ndi anzake adatenga kachidutswa ka ubongo wa mbewa yabwinobwino n'kukaika mu ubongo wa mbewa ya hpg. Ziwalo zoberekera zija zidayamba kukula. Kenaka mu 1986 akatswiri a ku California adapeza gwero lenileni: chigawo chachikulu cha jini yopanga GnRH, imene lero imatchedwa Gnrh1, chidali chitasoweka. Atabwezeretsa jini yathunthu mu mtundu wa mbewazo, zidayamba kukwerana ndi kubereka ngati zinzake zonse.

Phunziro loyamba ndi limenelo. Chiweto chitha kukhala ndi chiberekero chabwino ndi mazira abwino, koma ngati lamulo silikuchoka ku ubongo, palibe chimene chichitike.

Mmene lamulo limayendera

Anthu a ku Mzimba savutika kumvetsa zimenezi, pakuti amadziwa kuti mau ochokera ku Edingeni safika m'mudzi mwachindunji. Amadzera kwa makhosi, kenaka kwa nduna, kufikira atamveka kwa nyakwawa. M'thupi n'chimodzimodzi. GnRH ndi mthenga amene amachoka mu ubongo n'kuyenda kamtunda kakafupi m'timitsempha ta magazi kukafika ku kachiwalo kotchedwa pituitary, kamene kali kunsi kwenikweni kwa ubongo. Kachiwaloka kakalandira uthenga kamatulutsa mahomoni awiri, FSH ndi LH, amene amayenda m'magazi mpaka ku ziwalo zoberekera.

M'chiweto chachikazi, FSH imakulitsa timatumba tosunga mazira. Kathumba kakamakhwima kamatulutsa homoni ina yotchedwa estrogen, imene imachititsa ng'ombe kulira, kusakhazikika ndi kuima nji nkhunzi ikamaikwera. Pamapeto pake LH imatuluka yambiri nthawi imodzi n'kuboola kathumbako kuti dzira lituluke. M'chiweto champhongo, mahomoni awiri omwewa ndi amene amachititsa kuti mbewu ipangidwe ndiponso kuti nkhunzi kapena tonde akhale ndi chilakolako.

Pali chinthu china chofunika kuchigwiritsa. GnRH siituluka ngati madzi a pampopi wosatseka. Imatuluka modukizadukiza, ngati kugunda kwa musi mumtondo. Ernst Knobil wa ku Pittsburgh adaonetsa mu 1978, pofufuza anyani, kuti homoniyi ikamaperekedwa kamodzi pa ola lililonse imagwira ntchito, koma ikamangothiridwa mosalekeza pituitary imaleka kumvera. Pa ng'ombe imene yangobereka kumene, musi umenewu umagunda patalipatali, mwina kamodzi pa maola anayi kapena kuposerapo. Kuti dzira likhwime n'kutuluka, pafunika uzigunda pafupifupi kamodzi pa ola. Choncho funso lenileni la ng'ombe ya bambo aja ndi ili: n'chiyani chikuchedwetsa musi?

Jini imene imadzutsa mthenga

Kwa zaka zambiri akatswiri sadadziwe chimene chimalamula maselo a GnRH. Yankho lidachokera kumene sikumayembekezereka. Mu 1996 akatswiri ofufuza za khansa m'tauni ya Hershey ku America adapeza jini imene adaitcha Kiss1, potengera dzina la chokoleti chotchuka cha m'tauniyo. Iwo amaganiza za khansa basi, za ubereki sizimawakhudza.

Mu 2003 magulu awiri a akatswiri, lina ku Paris, lina ku Boston mogwirizana ndi anzawo a ku Cambridge ku England, amafufuza mabanja amene ana awo samatha msinkhu ngakhale atakula. Adapeza kuti anawo adali ndi vuto pa jini yotchedwa GPR54. Jini imeneyi imapanga kanthu kokhala ngati khutu pa maselo a GnRH, ndipo chimene khutulo limamva ndi homoni yochokera ku jini ija ya Kiss1, yotchedwa kisspeptin. Mbewa zimene adazichotsa GPR54 sizidathe msinkhu. Mu 2007 adachotsanso Kiss1 yeniyeniyo pa mbewa zina, ndipo zotsatira zidali zomwezo. Maselo a GnRH adalipo ndithu, homoni yake idalimo, koma panalibe wowadzutsa.

Lero tikudziwa kuti maselo opanga kisspeptin ndi amene amagunditsa musi uja. Chofunika kwambiri kwa ife alimi n'chakuti maselo amenewa amatchera khutu ku zimene zikuchitika m'thupi lonse. Mbewa ikamanidwa chakudya, jini ya Kiss1 imachepetsa ntchito. Khoswe wamkazi akamayamwitsa ana, imachepetsanso ntchito. Njala ndi kuyamwitsa ndi zinthu ziwiri zomwe zija ndidapeza pa chibaya cha ku Embangweni.

Thupi limayamba lafunsa za nkhokwe

Nanga ubongo umadziwa bwanji kuti thupi lawonda? Apanso ndi mbewa zimene zidaulula. Mu 1949, ku Jackson Laboratory m'chigawo cha Maine ku America, kudabadwa mbewa zimene zimadya mosakhuta mpaka kunenepa kuposa zinzake katatu. Ngakhale zidali ndi mafuta ochuluka chotero, sizimabereka. Mu 1994 Jeffrey Friedman wa ku Rockefeller University ku New York adapeza jini yolakwikayo. Jini imeneyi ikakhala bwino imachititsa kuti mafuta a m'thupi azitulutsa homoni yotchedwa leptin. Mafuta akachuluka leptin imachuluka m'magazi, akachepa imachepa. Tinene kuti leptin ndi mwana amene amatumidwa kukasuzumira m'nkhokwe n'kudzanena ngati muli chimanga.

Mbewa zonenepa zija sizimapanga leptin konse. Choncho ngakhale nkhokwe idali yodzaza, ubongo umangomva kuti kuli njala, n'kutseka ubereki. Mu 1996 akatswiri a ku San Francisco adazibaya leptin, ndipo zazikazi zidatenga bere n'kubereka. Uthenga wa leptin sufika mwachindunji ku maselo a GnRH, umadzera m'maselo ena a mu ubongo. Ndiponso leptin siili yokha, pakuti shuga wa m'magazi ndi mahomoni ena amanenanso za chakudya. Koma mfundo yake ndi imodzi: thupi silivomera bere lisanatsimikize kuti lili ndi chosungira mwanayo.

Kumeneku si kulakwitsa kwa chilengedwe. Ng'ombe yowonda, yoyamwitsa, itati itenge bere mwezi wa Okutobala, ikhoza kufa pamodzi ndi thole lake. Thupi limasankha kupulumutsa mayi ndi mwana amene alipo kale.

Koma mbewa si ng'ombe

Wina anena kuti zimenezi n'za mbewa za azungu, osati ng'ombe za kwa Mabulabo. Funsoli n'loyenera, pakuti si zonse zopezeka pa mbewa zimene zimagwira pa ziweto. Koma pa nkhani iyi adayesa. Mu 2007 akatswiri a ku France adapereka kisspeptin kwa nkhosa zimene sizidali m'nyengo yake yoswana, ndipo mazira adatuluka. Mu 2008 ku Japan adabaya misoti ya ng'ombe imene idali isanathe msinkhu, ndipo LH idakwera m'magazi. Majini omwewa alimo m'ng'ombe zathu za Malawi Zebu ndi m'mbuzi zathu zachikuda.

Ngakhale nkhani ya fungo la yamphongo idaonekanso bwino pa mbewa. Mu 1956 Wesley Whitten wa ku Australia adaona kuti mbewa zazikazi zikamva fungo la mkodzo wa yamphongo, zambiri zimayamba kufuna yamphongo nthawi imodzi. Mu 2014 akatswiri a ku Tokyo adapeza kuti m'fungo lija la kumutu kwa tonde muli mankhwala amene, mbuzi yaikazi ikawanunkhiza, amafulumizitsa kugunda kwa musi uja mu ubongo wake. Fungo la tonde limene timadandaula nalo lili ndi ntchito yake.

Tiwerengere limodzi

Bere la ng'ombe limatenga masiku pafupifupi 285. Chaka chili ndi masiku 365. Ndiye kuti ng'ombe, kuti izibereka chaka ndi chaka, iyenera kutenganso bere pasanathe masiku 80 chiberekere. Ng'ombe yathanzi imafuna nkhunzi masiku 21 alionse, choncho m'masiku 80 amenewo mwayi umangopezeka kawiri kapena katatu, pakuti masabata oyamba chiberekero chimakhala chikuchira.

Tsono taonani chaka chathu kuno kummwera kwa Mzimba. Mvula imakhazikika mu Disembala n'kuleka cha mu Epulo. Pofika Juni udzu wakhwima ndipo wayamba kuuma. Udzu wouma umakhutitsa mimba koma zomanga thupi zimakhala zitatsika kwambiri. Tizilombo tothandiza kugaya chakudya m'chifu cha ng'ombe timafuna magawo osachepera 7 pa 100 alionse a zomanga thupi, pamene udzu wa m'chilimwe umatsika mpaka pa 3 kapena 4. Kuyambira Ogasiti moto umatentha zotsalazo. Ng'ombe imene yabereka mu Seputembala kapena Okutobala imakhala ikupanga mkaka ndi mafuta a thupi lake lomwe. Leptin imatsika, thole likuyamwa usana wonse, amayi akukamanso, ndipo musi uja umangoti zii.

Mvula ikabwera ng'ombeyo imayamba yabweza kaye thupi. Ngati thole likuyamwabe ndipo msipu ukulimbaniranidwa ndi ziweto za mudzi wonse, dzinja litha kutha isanafune nkhunzi, n'kulowanso m'chilimwe china. Umu ndi momwe ng'ombe imafikira pobereka kamodzi pa zaka ziwiri. Pa zaka 8 zobereka, mlimi amene akadapeza mathole 8 amapeza 4 okha. Mathole anayi otayikawo sadabedwe, sadafe ndi matenda, adangolephera kubadwa chifukwa cha njala ya miyezi inayi.

Misoti nayo n'chimodzimodzi. Msoti sutha msinkhu chifukwa cha zaka zokha, koma ukafika pa magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa ng'ombe yaikulu, kapena kuchepera pang'ono. Msoti wodya bwino umafika msanga, wanjala umachedwa ndi chaka chathunthu.

Zoyenera kuchita

Choyamba, sungani chakudya cha ziweto panopa, pamene mukukolola. Mapesi musawasiye m'munda kuti apondedwe, adyedwe ndi chiswe kapena apserere. Amangeni m'mitolo n'kuwaika pathandala pamthunzi. Masangwi a mtedza, a nyemba ndi a soya ali ndi zomanga thupi zoposa za mapesi, choncho aumitseni masamba asanayoyoke ndipo musalole kuti anyowe n'kuchita nkhungu. Amene ali ndi mitengo ya msangu atole nyemba zake zikamagwa. Masamba a lukina ndi abwino, koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse.

Chachiwiri, chakudya chosungacho musachimwaze kwa ziweto zonse mofanana. Chidzatha msanga popanda phindu. Yambirani ng'ombe zimene zatsala miyezi iwiri kuti zibereke, zimene zikuyamwitsa, ndi misoti imene mukufuna kuti ikweredwe. Ng'ombe yobereka ili ndi thupi imafuna nkhunzi msanga kusiyana ndi imene mukuyesa kuinenepetsa itabereka kale. Gaga wokwana kilogalamu imodzi kapena awiri patsiku, wothira kamchere pang'ono, amasintha zinthu. Ng'ombe za pagoli muzipatse zake padera nthawi yolima ikamayandikira. Madzi akumwa asasowe tsiku lililonse.

Chachitatu, phunzirani kuyang'ana thupi. Imani chapambali pa ng'ombe m'mawa isanadye. Ngati mukutha kuwerenga nthiti zonse, msana uli ngati mpeni, ndipo patsinde pa mchira pali dzenje, musayembekezere bere. Ng'ombe yoyenera nkhunzi ndi imene nthiti zake zakumbuyo zokha ndizo zikuoneka pang'ono.

Chachinayi, chepetsani kuyamwa. Thole likakwana miyezi iwiri ndipo layamba kudya udzu, mutha kulipatula kuti liziyamwa m'mawa ndi madzulo okha. Njira ina ndiyo kulipatula kwa maola 48 kumene make sakuliona, mukulipatsa madzi, msipu wofewa ndi gaga. Zimenezi zimafulumizitsa musi uja, koma zimathandiza pokhapokha ngati make ali ndi thupi. Thole liyenera kuletsedwa kuyamwa likafika miyezi 6 mpaka 8. Ndipo m'chilimwe, ng'ombe yowonda musaikame. Kapu ya mkaka wa lero itha kukutayitsani thole la chaka chamawa.

Chachisanu, nkhunzi yabwino isamakhale kutali. Ng'ombe zimene zikukhala pafupi ndi nkhunzi zikabereka zimayamba kuifuna msanga kusiyana ndi zimene zili zokha. Pa mbuzi, kupatula tonde kwa mwezi umodzi n'kumubweza kumachititsa kuti zazikazi zambiri zimufune pamodzi. Ngati mungathe kupangana m'mudzi, nthawi yabwino yokweretsa ng'ombe ndi Febuluwale mpaka Epulo, kuti mathole azibadwa kuyambira pakati pa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale, msipu uli wambiri.

Chachisanu ndi chimodzi, khalani tcheru. Ng'ombe zathu za linunda zimafuna nkhunzi kwa maola ochepa chabe, nthawi zambiri usiku kapena m'bandakucha, ndipo zizindikiro zake sizioneka kwambiri. Ng'ombe ina imene mukuti siifuna nkhunzi mwina imafuna inu muli m'tulo. Zizindikiro zake ndi izi: kulira, kukwera zinzake, kuima ikamakweredwa, kutuluka chinanda choyera ngati dzira laliwisi kumaliseche, ndi kuchepa kwa mkaka. Anyamata oweta ndi amene amaona zimenezi, choncho muziwafunsa madzulo alionse. Lembani tsikulo m'kope ndipo mudzayang'anenso pakatha masiku 21. Ikapanda kubwereza, mwina yatenga.

Pamene vuto si njala

Sindikunena kuti ng'ombe iliyonse yosabereka ili ndi njala. Ilipo ina youma zenizeni. Ng'ombe ikabereka mapasa, lina lamphongo lina lalikazi, mwa mathole aakazi 10 otere pafupifupi 9 sabereka, chifukwa magazi a awiriwo amasakanikirana ali m'mimba. Msoti wotere ndi woyenera kunenepetsa n'kugulitsa.

Ng'ombe imene nsengwa idakanirira itabereka, kapena imene ikutuluka mafinya onunkha, ili ndi matenda a m'chiberekero ndipo ifunika mankhwala. Ngati ng'ombe zikutaya bere lili lalikulu, itanani alangizi a ziweto msanga. Mwina ndi matenda a brucellosis, amene amagwiranso anthu. Musagwire thole lotayikalo ndi manja opanda chotchinga, ndipo mkaka muziwiritsa. Njoka za m'mimba ndi nkhupakupa zimawondetsa chiweto ngakhale chikudya, choncho kumwetsa mankhwala a njoka ndi kusambitsa ziweto n'kofunika.

Musaiwalenso nkhunzi. Ngati ng'ombe zingapo zikukweredwa koma zikubwerezabwereza masiku 21 alionse, kaikirani nkhunziyo. Mbewu ya nkhunzi imatenga miyezi iwiri kuti ipangidwe, choncho nkhunzi imene idatentha thupi ndi matenda monga chigodola itha kukhala yopanda mphamvu kwa miyezi iwiri itachira kale. Nkhunzi yokalamba kapena imene ikukwera ana ake omwe iyenera kusinthidwa. Kumbukirani mbewa za hpg zija: jini yolakwika imabisala, ndipo imaonekera pamene make ndi tate onse ali nayo, zimene zimachitika kwambiri pakati pa ziweto zapachibale.

Nanga jakisoni?

Alimi ena adamva kuti pali jakisoni wochititsa ng'ombe kufuna nkhunzi. Alipodi. Wina mwa iwo ndi GnRH yomweyi yopangidwa kufakitale, ndipo madokotala a ziweto amaigwiritsa ntchito makamaka pa ng'ombe za mkaka zimene akufuna kuziika mbewu ndi manja. Koma jakisoni amangogunda musi kamodzi. Sadzaza nkhokwe. Pa ng'ombe yowonda, nthawi zambiri ndalama imangopita pachabe, ndipo ngakhale itatenga bere, kulisunga kumavuta. Mankhwala otere si ogula pamsika n'kubaya nokha. Pitani kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena ku ofesi ya zaulimi pa boma la Mzimba kuti ayambe aiyeza ng'ombeyo. Nthawi zina amapeza kuti ng'ombe imene mwini wake amafuna kuigulitsa ili ndi bere kale. Paja akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Mbewa za m'munda nazonso

Lamulo lomweli limagwira ntchito pa mbewa zimene zimatidyera mbewu. Kapuku, mbewa ija ya mawere ambiri, imatha kuswa ana oposa 10 nthawi imodzi, bere lake likungotenga masiku pafupifupi 23. Kafukufuku wa zaka zambiri ku Morogoro m'dziko la Tanzania adaonetsa kuti mbewa imeneyi imayamba kuswana mvula ikagwa ndipo udzu ukamera, ndiponso kuti chaka chimene mvula yoyamba yachuluka, imayamba kuswana msanga n'kuchulukana koopsa. M'chilimwe imaleka chifukwa cha kusowa kwa chakudya. Choncho chimanga chotayika m'munda ndi nkhokwe yopanda zotchingira mbewa zimachita kwa mbewa chimene tikulephera kuchita kwa ng'ombe zathu. Mbewa tikuzidyetsa, ng'ombe tikuzimana.

Za ng'ombe ija

Bambo aja ndidawapempha kuti adikire miyezi itatu asanaitane a butchala. Adavomera monyinyirika. Thole adaliletsa kuyamwa, kukama adaleka, ndipo madzulo alionse amaipatsa gaga wa m'chigayo ndi masangwi ochepa amene adapempha kwa mlamu wawo. Adaimwetsanso mankhwala a njoka. Mwezi wa Febuluwale mdzukulu wawo amene amaweta adabwera ndi uthenga wakuti ng'ombe yaima kwa nkhunzi. Sindinganene kuti ndi gaga yekha adachita zimenezi, pakuti mvula idali itagwa ndipo msipu udali utamera. Koma dzinja lapitalo msipu udameranso, ng'ombe yomweyo osafuna nkhunzi. Chimene chidasintha n'chakuti ulendo uno thupi silimagawana chakudya ndi thole ndi kapu ya tiyi.

Tsono alimi anzanga, musanatche ng'ombe kuti ndi youma, dzifunseni mafunso atatu. Kodi ili ndi thupi? Kodi ikuyamwitsa kapena kukamidwa? Kodi pali amene akuiyang'anira m'bandakucha? Mukayankha atatuwa ndipo vuto likadalipo, itanani alangizi. Koma ntchito yaikulu ndi ya mwezi uno. Mapesi ndi masangwi amene musunge lero ndiwo adzanene ngati chibaya chanu chidzalandire thole chaka chamawa. Moto usanafike kumunda, ngolo ifike ndiyo.